Tsiku limene ndinakwera basi n'kumusiya Sule

Hawa mwana wanga,

Salamu alaikumu. Ndikulemba ndili m'galimoto ya abwana kuno ku Jumeirah, kudziko la Aarabu. Madamu alowa kokonzetsa tsitsi, ndipo ndimawadziwa, satulukako dzuwa lisanapendeke. Pepalali ndang'amba m'kope la mwana wawo, ndiye usadabwe ndi masamu ali kuseriko. Ndikanatha kukuimbira foni, poti nawenso ukukhala mumzinda womwe uno, koma masiku ano iwe ndi ine tikayamba kuyankhula timangofika pa "chabwino Ababa," kenako zii. Mawa m'mawa ukukwera ndege kupita ku Amereka kukaphunzira unamwino, ndipo Lamlungu unandiuza kuti ndisavutike kukuperekeza, ukwera takisi wekha. Mawu amenewo andikhala pakhosi sabata yonse. Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndi nkhani ya Sule. Ndifika nayo, koma undilole ndiyambire kumene inayambira, paja bambo ako amadziwa njira zachidule akakhala pachiwongolero pokha.

Chaka changa choyamba kuno, iwe uli Sitandade 3 ku Liwonde, ndinaimika galimoto ya abwana kunja kwa nyumba ina m'dera lomwe lino, kudikira ana amene anali kuphwando la mnzawo. Galimotoyo inali yatsopano, yonyezimira moti munthu ukanametera ndevu pachitseko chake. Ola lisanakwane, apolisi awiri atulukira. Ndinamva pambuyo pake kuti wina wa m'nyumba zoyandikana anaimba foni, ati pali munthu wakuda wakhala m'galimoto yodula, sakumumvetsa. Tsidya la msewu kunali dalaivala wa ku India, mapazi pachiwongolero, mkonono ukumveka mpaka kwa ine, koma iye palibe anamuimbira foni. Tsono tamva uchitsiru wa bambo ako. Ndinatuluka n'kunjuta pa phula lotentha, manja pamodzi, maso pansi, mmene agogo ako anandiphunzitsira poyankhula ndi akuluakulu. Wapolisi wamkuluyo anabwerera m'mbuyo n'kuyamba kusuzumira kunsi kwa galimoto kuti aone chimene ndaponyako. Anandifunsa kangapo kuti bwanji sindikumuyang'ana kumaso, ine ndiye n'kumaweramira weramira, ati ulemu uchuluke. Ndinakhala padzuwa maola awiri ndi mapepala anga onse ali bwinobwino. Madamu atafika anangoti ndine dalaivala wawo, khalas, nkhani yathera pomwepo.

Ndiye chimodzi ndi ichi, Hawa. Ulemu wakwathu ndi wabwino, usautaye, koma si aliyense amatha kuuwerenga. Ife tikaweramitsa maso timati tikulemekeza. Iwo amati tikubisa kanthu. Wapolisi akakuimika kumeneko, ima chilili, muyang'ane kumaso, manja ako aoneke. Chiphaso chako chizikhala nawe ngakhale ukungopita kukataya zinyalala. Usanapise dzanja m'chikwama, yamba wanena kuti ukutulutsa chiyani. Makanema aja umandionetsa pafoni, a anthu akuda akugwetsedwa pansi m'misewu ya kumeneko, ine ndimaonera ndi maso a kholo, ndipo ndimachita mantha kwambiri, sindikubisira. Ndikufuna udzabwere ndi satifiketi m'manja, ukuyenda ndi miyendo yako. Koma ukachoka pamenepo usakadzifufuze kuti walakwa pati. Ine ndinatha mwezi wathunthu ndikudzifunsa kuti kapena ndinaimika mokhota, kapena nkhope yanga ndi yoopsa. Panalibe chimene ndinalakwa, anangoona khungu.

Kuchokera pamenepo ndinachita chinthu chimene amayi ako amaseka nacho mpaka lero. Ndinayamba kuvala yunifolomu ya kuntchito ngakhale tsiku lopuma. Shati yoyera, tayi, makiyi a abwana ndikuwalizaliza m'manja, mwezi wa Ogasiti, dzuwa la kuno lija limaotcha ngati mbaula. Ndikalowa m'sitolo mlonda n'kuyamba kunditsatira shelefu ndi shelefu, ndinkatulutsa foni n'kumanamizira kuyankhula ndi madamu mokweza, kuti amve kuti ndili ndi mwini wake. Tangoganiza, bambo wandevu zake, wa ana atatu, kumadzionetsa ngati mbuzi ya chingwe kuti asaiponye miyala! Tsiku lina ndinakomoka pamalo okwerera basi chifukwa cha tayi yemweyo, ndipo amene anandimasula pakhosi n'kundithira madzi anali mayi wa ku Philippines wosandidziwa n'komwe. Iwe usakabwereke dzina la munthu wina kuti uoneke munthu. Yunifolomu ya unamwino ukaivale kuchipatala, ukaweruka uivule, ukalowe m'sitolo ndi diresi lako ngati wina aliyense. Akakutsatira, tembenuka uwapatse moni n'kuwafunsa kumene kuli sopo. Ena amachita manyazi, ena sachita, koma sopo umagulabe.

Cholakwa chachikulu chinayamba mokoma, n'chifukwa chake sindinachizindikire. Pamene ndinkafuna malo ogona ku International City, ndinazungulira masiku anayi. Pafoni amati bedi ilipo, bwerani. Ndikafika n'kundiona, ati yangotengedwa kumene. Ena sankazungulira n'komwe, ankalemberatu pachikwangwani mitundu ya anthu amene akuwafuna, ife palibepo. Tsiku lachisanu mkulu wina woyang'anira fulati anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa ngati ndine wa ku Nigeria. Ndinayankha mothamanga kuti ayi, ndine wa ku Malawi, ife ndi anthu ofatsa, sitichita phokoso, sitiba. Anandipatsa bedi. Patatha mwezi anandisisita paphewa n'kunena kuti ine sindili ngati anthu akuda enawo. Hawa, ndinasangalala. Ndinaimbira amayi ako kuwauza ngati kuti ndakwezedwa pantchito. Ndipo si ine ndekha, ukudziwa mmene timayankhulira Amalawi tikakumana: ife ndiye timakondedwa kuno, amene amationongera mbiri ndi awo a kumadzulo. Timanena tikuseka, tikumwa tiyi. Sitiona kuti munthu wotiyamikira choncho watukwana mtundu wathu wonse, wangotipatula ife kwa lero lokha chifukwa sitimuyankha.

Kumeneko akakuuzanso zomwezo, ndikulumbira. Mphunzitsi kapena wodwala wina adzakuuza kuti ndiwe wosiyana ndi anthu akuda a kumeneko, ndiwe waulemu, ndiwe wolimbikira. Usakameze, mwana wanga, ngakhale atanena akumwetulira. Anthu akuda amene ukawapeze kumeneko anakumana nazo izi iwe usanabadwe, agogo awo anakumana nazo, ndipo zitseko zimene ukalowerepo iwe anakankha ndi iwowo. Ukawapatse ulemu ndipo ukawamvetsere. Wapolisi akamakuimika pamsewu safunsa kaye kuti kwanu ndi ku Machinga kapena ku Lagos.

Tsopano ndafika pa Sule. Iwe umamudziwa ngati mnyamata wa ku Nigeria woperekera anthu zakudya panjinga yamoto, amene amagona bedi ya pamwamba pa yanga. Zina sukuzidziwa. Mkulu wa fulati uja atachoka, Sule ndiye anali munthu wakuda wachiwiri kulowa m'chipinda chathu, ndipo ine sindinamulandire bwino. Ndinkaopa kuti akalakwitsa kanthu atiphatikiza. Koma chaka chatha, pamene impso inandigwira ndikugubuduka pansi, ndi iyeyo anandibereka kumsana kutsika nane masitepe kuchokera pansanjika yachitatu, chikepe chitafa. Anajomba kuntchito masiku awiri kundidikirira kuchipatala. Ndinamuletsa kukuuza kuti usade nkhawa, ndipo sanakuuze. Ku mzikiti tinkaima mzere umodzi, phewa ndi phewa. Ankanditchula Baba.

Za Lachisanu lija unaona ndi maso ako, koma ndikufuna ndizinene ndekha, chifukwa miyezi itatu yonseyi sindinazinenepo ndi pakamwa panga. Tinachoka ku mapemphero a Juma ku mzikiti ine ndi Sule, iwe tinakupeza pokwerera basi, tinkapita kukajambulitsa zithunzi za mapepala ako a sukulu. Sule ankangotiperekeza. Pamalopo panali anthu ambiri, amitundu yonse. Kunabwera apolisi kudzaona ziphaso, ndipo pagulu lonselo analoza atatu okha: ine, Sule ndi mnyamata wina wa ku Uganda. Ine ndinatulutsa changa. Wa ku Uganda anatulutsa chake. Sule anapapasa mkanjo wake wa ku mzikiti, n'kupeza kuti chikwama anasiya m'thalauza la kuntchito. Sanachite mantha poyamba, anangondiloza n'kunena kuti uyu ndi Baba wanga, timagona chipinda chimodzi, afotokoza. Wapolisi anandifunsa ngati ndikumudziwa. Basi inali itafika, chitseko chili chotsegula. M'mutu mwanga munadzaza viza yako, ntchito yanga, dzina langa kulembedwa penapake limodzi ndi la munthu wa ku Nigeria wopanda chiphaso. Ndiye ndinati, "Ine ndine wa ku Malawi." Sanandifunse zimenezo, koma ndi zimene ndinayankha. Ndinakugwira dzanja n'kukukokera m'basi.

Iwe unanditsomphola dzanja lako pakhomo pomwepo n'kutsika. Ine chitseko chinanditsekera m'kati, ndipo sindinagogode kuti anditsegulire. Zotsalazo anandiuza ndi anzathu a m'chipinda: kuti unaimbira mmodzi wa iwo kuti athamange ndi chikwama, kuti Sule anali atakwezedwa kale m'galimoto, kuti unatsatira pa takisi mpaka kumene anamutengera n'kukhala pabenchi mpaka atamutulutsa madzulo. Tsiku lotsatira unabwera pansi pa fulati yathu. Sunakuwe. Unangoti, "Ababa, si inu munkandiuza kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire? Kapena munkanena za Amalawi okhaokha?" Ndinakuyankha kuti ndiwe mwana, sudziwa mmene dziko la eni limayendera, ndinachita zija chifukwa cha iwe. Linali bodza la theka, ndipo theka loonalo silinditsuka. Ndinachita mantha, basi. Ndinalakwira Sule, ndinakulakwiranso iwe pokusenzetsa mantha anga ngati kuti ndi mphatso.

Koma nawenso ndikudzudzule pang'ono, udakali mwana wanga. Ndinamva kuti pamalo paja unakweza mawu, chala m'mwamba, kufunsa apolisi chifukwa chimene pagulu lonse asankhira akuda okha. Funsolo linali loona. Koma mtima wako ndi wa amayi ako, ukapsa suona kutsogolo, ndipo kumene ukupitako ndimamva kuti mfuti siichedwa kutuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamsewu usakatsutsane ndi munthu wonyamula chida. Loweza nambala ya galimoto, loweza nthawi, ona amene alipo, funsa modekha ngati uli womasuka kupita. Mkwiyo wako ukausunge mpaka ufike pamalo pamene pali cholembera ndi mboni, ndipo kusukulu kwanu ukafunse msanga kumene munthu amakadandaula. Chimene chinamutulutsa Sule si chala chako chija. Ndi chikwama chimene unaitanitsa ndi benchi imene unakhalapo osachoka.

Miyezi itatu imeneyi ndakhala ngati wakuba m'chipinda changa chomwe. Sule sananditukwane, bola akanatero. Ankandipatsa salamu ngati kale, kungoti anasiya kunditchula Baba, n'kuyamba kunditchula Bambo Yusufu. Ine ndinkadzuka iye asanadzuke, kugona nditayang'ana kukhoma, ku mzikiti n'kumaima mzere wakumbuyo. Munthu amene anandibereka kumsana, ndikumuzemba ngati ndili naye mlandu wa nkhuku.

Lachiwiri lapitali kunachitika kanthu. Madamu anandituma kusitolo yaikulu ija ya kufupi ndi gombe. Potuluka ndinapeza mlonda waimitsa mtsikana wa ku Kenya, wolera ana, atanyamula kamwana ka mzungu kakulira. Wina anali atanena kuti mwina wakaba. Wapolisi anali atafika kale, anthu akungodutsa cham'mbali. Miyendo yanga inkafuna kupita kugalimoto, ndikuuze zoona, inayambapo kale. Koma ndinaika majumbo pansi n'kuima chapatali pang'ono, poti andione. Wapolisi anandifunsa chimene ndikufuna. Ndinamuyang'ana kumaso n'kunena kuti palibe, ndikungodikira mlongo wangayu, mtsikanayu ndimamuona tsiku lililonse akuperekeza ana kusukulu imodzi ndi ana a abwana anga. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako mayi wina wachiarabu naye anaima, kenako mnyamata wa patilo. Mawu a mlonda uja anayamba kutsika. Wapolisiyo anaimbira mayi wa mwanayo, anabweza chiphaso, n'kutembenukira kwa mlonda kumufunsa kuti ndani kwenikweni anaona mwana akubedwa. Panalibe. Popita wapolisiyo anati shukran, ndiko kuti zikomo, kwa mtsikanayo ndi kwa ine. Palibe anandimanga, palibe analemba dzina langa, ntchito ndikadali nayo. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuthawa chinthu chimene chinanditengera mphindi khumi.

Sindikunena kuti nthawi zonse zimatha choncho, ayi. Pena ukaima udzavutika nawo. Koma ndaona kuti munthu akakhala yekha amamuyankhula mwina, akakhala ndi womuyang'anira amamuyankhula mwina. Ndaonanso kuti ukayamba kuima iwe, pamapezeka wachiwiri, ndipo kawirikawiri sakhala wa khungu lako. Anthu abwino aliko, Hawa, ngakhale ovala yunifolomu. Usakapite kumeneko utakunga nkhonya kuti dziko lonse likudana nawe, ungatope msanga ndipo ungaphonye anzako enieni. Ukaseke, ukadye zakudya zawo, ukakhoze mayeso. Ana a madamu ndawalera pampando wakumbuyowu, ndipo wamkuluyo anakanganapo ndi mnzake wa kusukulu chifukwa chonditchula dzina loipa. Palibe anamutuma. Zinthu zimasuntha, kungoti zimasuntha ngati mzere wa magalimoto a madzulo.

Madzulo a Lachiwiri lomwelo ndinamudikira Sule pamene amaimika njinga yake. Ndinali nditakonza mawu ambiri, onse anathawa. Ndinangomuuza kuti ndinamukana, ndinalakwa, ndipo ndilibe chodzikanira. Anavula chipewa chake cha njinga. Kenako anandiuza kuti m'galimoto ya apolisi muja sankaganiza za apolisi, zimenezo anazolowera; ankangoona msana wanga ukulowa m'basi. Ndinalira, mwana wanga, pamaso pa anyamata onse a njinga, ndevu zonsezi. Iye anati zatha, Mulungu amakhululuka zazikulu kuposa izi. Ndiye anandifunsa ngati ndakupepesa iwe. Nditati ayi, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Baba, ine munandisiya tsiku limodzi. Mwana wanu mwamusiya miyezi itatu."

Ndiye pepa, Hawa. Kwathu bambo sapepesa mwana, amangomugulira nsalu, koma nsalu uli nazo zokwanira ndipo sutikesi yadzaza kale. Pepa chifukwa cha dzanja lija ndinakukoka, pepanso chifukwa chokuuza kuti ndiwe mwana pamene wamkulu tsiku limenelo unali iweyo. Ndimanyadira kuti unatsika basi ija. Sindikudziwa kuti unazitenga kuti, mwina kwa amayi ako, mwina ku mawu anga omwe aja amene ine ndinkangowanena osawachita. Kulikonse kumene unazitenga, upite nazo. Uzipemphera, uziimbira amayi ako Lamlungu lililonse, chiphaso chizikhala m'thumba, manja azioneka, ndipo ukaona mnzako waimitsidwa usakwere basi.

Madamu akutuluka, ndikuwaona pagalasi akulipira. Kalatayi ndiisiya kwa mnzako wa m'chipinda ndikaweruka. Za mawa zili chonchi. Sule wabwereka galimoto kwa msuweni wake, ndipo wakanitsitsa kuti ine ndiyendetse, ati maso anga adzakhala odzaza misozi, ndingakugwetsereni m'ngalande. Tidzaima pansi pa fulati yanu ikamakwana sikisi koloko, inshallah. Ukafuna takisi yako, sindidzakuletsa. Ndidzakunyamulira masutikesi mpaka m'takisimo n'kukutsanzika pomwepo, ndipo sindidzakusungira kanthu. Koma dziwa kuti chibwerere kuno sindinakhalepo mpando wakumbuyo wa galimoto. Mawa ndidzakhala kumeneko, ndipo pambali panga padzakhala malo.

Ndine bambo ako,
Yusufu